Lipoti la Filimu ya Alimi a M'madimba ku Chigwa cha Shire: Njira za Kajambulidwe ndi Zomwe Zinatulutsa

Lipoti ili likufotokoza ntchito yojambula filimu ya zochitika zenizeni yomwe ine ndi anzanga awiri, bambo wotapa mawu ndi mayi womasulira Chisena, tinagwira kutsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, m'boma la Nsanje, kuyambira m'chilimwe cha 2023 mpaka nyengo yokolola ya 2024. Bungwe lomwe linatituma limathandiza anthu pa ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo linatipatsa funso limodzi: n'chifukwa chiyani mabanja omwe anasamutsidwira kumtunda madzi atasefukira amabwereranso kumunsi, pafupi ndi mtsinje womwe unawagwetsera nyumba? Linkafuna filimu yosapitirira mphindi 30, yoti ikaonetsedwe kwa akuluakulu a boma ndi a mabungwe ku Lilongwe komanso kwa eni nkhaniyo kumudzi. Ndalembera anzanga ojambula, ndipo sindikamba zambiri za ndalama kapena zipangizo. Ndikamba za kajambulidwe, chifukwa pa ntchitoyi funso limodzi lomwelo linkalandira mayankho osiyana malinga ndi njira yomwe tatsata, ndipo njira iliyonse inkasankhiratu munthu woti akhale mwini wofotokoza nkhaniyo, ife tisanafunse n'komwe funso loyamba.

Yemwe sanatsikepo zitunda za ku Chikwawa ayenera kudziwa kaye mmene dera lino lilili. Mtsinje wa Ruo umachokera kuphiri la Mulanje n'kutsata malire a Malawi ndi Mozambique mpaka kukathira mu Shire cha ku Chiromo, kumunsi kwa dambo lalikulu la Elephant Marsh. Mu Januwale 2015 Ruo anasiya njira yake n'kudzera m'midzi ya ku Makhanga, ndipo madzi anabweranso mwamphamvu mu 2019, mu 2022 pa nthawi ya namondwe wa Ana, ndi mu Malichi 2023 pa nthawi ya namondwe wa Freddy. Komabe chigwachi chimalandira mvula yochepa poyerekeza ndi madera okwera, ndipo kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala kumadutsa madigiri 40. Banja la kuno limadalira minda ya mitundu iwiri. Kumtunda kuli mphala, komwe mapira, mchewere, thonje ndi chimanga zimadikira mvula. Kumunsi kuli dimba, komwe madzi omwe anagwetsa nyumba mu Januwale amasiya matope achonde ndi chinyontho, ndipo anthu amayamba kubzalamo chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu madziwo akangophwa. Filimu yoona inayenera kunyamula mbali zonse ziwirizi.

Mawu a wofotokoza

Katswiri wa mafilimu wa ku America, Bill Nichols, anagawa mafilimu a zochitika zenizeni m'magulu 6, ndipo magulu amenewa amaphunzitsidwa kwambiri m'masukulu a zojambula. Pali filimu yomwe mawu a munthu wosaoneka amatsogolera woonera, pali yomwe kamera imangoyang'ana osalowerera, ndipo pali yomwe wojambula amalowa m'nkhani n'kumacheza ndi anthu. Magulu atatu otsalawo amatsamira pa kukoma kwa zithunzi ndi kamvekedwe, pa kuulula mmene filimuyo ikupangidwira, kapena pa zakukhosi kwa wojambula mwini wake. Filimu yamoyo sikhala m'gulu limodzi lokha, ndipo Nichols yemweyo amavomereza kuti magulu akewo amalowana, koma maguluwo anatithandiza kumvana pa nthawi yokangana m'chipinda cholumikizira zithunzi.

Kuno kwathu njira yoyambayo ili ndi mbiri yaitali kuposa zinzake. Mu 1948 boma la atsamunda linakhazikitsa Central African Film Unit, yomwe inkapanga mafilimu ophunzitsa anthu a ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia za ulimi, ukhondo ndi kusunga ndalama. Mafilimuwo ankayenda pa galimoto m'midzi, ndipo m'zaka zoyambirira munthu ankaima pambali n'kumafotokozera anthu zomwe akuona. Dziko litadziimira palokha, galimoto za unduna wofalitsa nkhani zinapitiriza kuyenda, ndipo wailesi ya kanema ya dziko lino inadzayamba mu 1999. Kotero agogo ambiri a kuchigwa anakula akudziwa kuti kanema wonena za ulimi ndi mawu a munthu wakutali wouza mlimi chochita. Ndikuona kuti ife ojambula a masiku ano timaiwala kuti tikaika mawu a wofotokoza pamwamba pa chithunzi cha mlimi, timalowa pamzere umenewu, tifune tisafune.

Malinga ndi pangano lathu ndi bungwe, tinayamba ndi kulumikiza kafilimu koyeserera m'njira imeneyi. Ubwino wake unaoneka msanga. M'mphindi ziwiri zokha, mawu a wofotokoza pamodzi ndi mapu zinamveketsa chomwe mlimi ali m'munda mwake sangachione ndi maso: kuti mvula yogwa ku Mulanje ndi ku Thyolo imafika kuchigwa ngakhale kuchigwako kuli dzuwa, kuti mchenga wokokoloka kumtunda umakwirira mitsinje mpaka madzi kusowa podutsa, ndiponso kuti Ruo akadzaza amatsekereza Shire n'kubwezera madzi m'mbuyo. Palibe njira ina yomwe ikanachita zimenezi mwachidule chotero.

Vuto linabuka pamene mawuwo anachoka pa mtsinje n'kufika pa anthu. Chiganizo chilichonse chomwe tinalemba chinkafuna mneni, ndipo mneni aliyense ankaweruza. Tikati anthu akana kusamuka, tawaika m'gulu la osamva. Tikati akakamizika kubwerera, tawasandutsa anthu opanda nzeru zawozawo. Zithunzi za kumwamba zojambulidwa ndi drone, kandege kakang'ono konyamula kamera, zinawonjezera vutolo, chifukwa kuchokera m'mwamba kanyumba ka udzu kali pakati pa madzi kamaoneka ngati umboni wa kupusa, ndipo chimanga chobiriwira chozungulira kanyumbako sichioneka kuti ndi chakudya cha banja cha miyezi ingapo. Ogwira ntchito kubungweko ataonera kafilimuka anakakonda, ndipo kukonda kwawoko ndi komwe kunandikayikitsa, popeza sanaphunziremo chilichonse chomwe sankachikhulupirira kale.

Kamera yongoyang'ana

Cha m'ma 1960, ku America ndi ku Canada, makamera opepuka ndi makina onyamulika otapira mawu nthawi imodzi ndi chithunzi zinabweretsa kajambulidwe katsopano. Ojambula analeka kufunsa mafunso, analeka kuuza anthu poti aime, ndipo anachotsa wofotokoza, n'cholinga choti woonera adzionere yekha moyo mmene ukuyendera. Ife tinatsata lamulo limeneli pa nyengo yonse yobzala ndi kupalira m'madimba, ndipo zithunzi zabwino kwambiri za m'filimu yathu zinachokera m'nyengo imeneyi.

Ntchitoyo ili ndi zovuta zake za kuchigwa. Alimi amalawira kudimba kusanache kuti adzaweruke dzuwa lisanakwere, ndipo wojambula ayenera kutero nayenso, osati chifukwa cha kuwala kokha koma chifukwa kamera imatentha n'kuzima yokha masana. Phokoso la nyenje limadzaza maikolofoni mpaka mawu a munthu ali pafupi kumveka ngati ali kutali. Kamaikolofoni kovala pa chovala tinkapempha mnzathu womasulira kuti ndiye aziwaveka amayi, ndipo ngakhale iyeyo ankayamba wapempha. Izi ndi zazing'ono. Vuto lalikulu linali lakuti kajambulidweka kanabadwira kumaiko komwe mlendo angathe kuima pakona ya chipinda anthu n'kumuiwala, pamene kuno munthu woima m'munda mwa wina osalankhula ndi wamwano kapena ali ndi chifukwa. M'mawa wina mayi wachikulire yemwe tinkamujambula anaika khasu pansi n'kundifunsa kuti, "Bambo, mwaima pamenepo chifikireni osanena kanthu, kodi takulakwirani?" Kuyambira tsiku limenelo tinkayamba ndi malonje athunthu, kufunsana za kunyumba ndi za ana, kenako n'kupempha kuti ntchito ipitirire ife tili chete. Zinatheka, koma ndiyenera kunena mosabisa kuti chete ameneyo anali wogwirizana, ndipo woonera asaganize kuti anthuwo anaiwala kuti tilipo.

Panalinso nkhani ya mayina. Kudera komwe mabungwe akhala akubwera chaka ndi chaka, galimoto yachilendo ndi munthu wa kope m'manja zimatanthauza kalembera wa thandizo. Masiku oyamba anthu ankabwera kudimba atavala zakutha, ena n'kumatilozera nyumba zogumuka zokhazokha, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa anaphunzira kuti kamera imalipira umphawi. Tinasiya kuyenda ndi mapepala osayinitsa chilolezo, popeza kusayina kulikonse kunkatengedwa ngati kulowa m'kaundula. M'malo mwake tinkafotokoza pamaso pa anyakwawa kuti tilibe chimanga kapena malata ogawa, ndipo aliyense wovomera kujambulidwa ankanena yekha pa kamera kuti wavomera ndi kuti akudziwa komwe filimuyo ikaonetsedwe. Ena atamva zimenezi anachoka, ndipo omwe anatsala ndiwo tinagwira nawo ntchito.

Chomwe njira imeneyi inatipatsa ndi ukatswiri wa mlimi, womwe mawu a wofotokoza anaukwirira. Pali chithunzi chachitali, chosadula, cha mayi akukumba phando lakuya mpaka kupeza dothi lonyowa, kulifinya m'manja kuti aone ngati likugwirana, kenako n'kuponyamo mbewu. Pali banja lomwe likubzala m'magawo, kutsatira madzi mmene akubwerera, kotero kuti m'munda umodzi muli chimanga chofika m'chiuno, china chongomera kumene, ndi malo ena omwe akadali matope. Pali kuwoloka pa bwato m'bandakucha, njinga ndi makasu zitaunjikidwa pakati, wopalasa akuyang'anitsitsa m'mabango chifukwa cha mvuu ndi ng'ona. Munthu woonera zimenezi sanganenenso kuti anthuwa sadziwa zomwe akuchita.

Koma kamera yongoyang'ana imaona lero lokha. Sinathe kutiuza kuti munda womwe mayi uja akubzala ndi wa ndani, kuti malo omwe anapatsidwa kumtunda ndi aakulu bwanji, kapena chomwe chinachitika usiku womwe madzi anabwera. Titalumikiza zithunzizo popanda mawu ena alionse, tinapeza filimu yokoma yonena za ntchito ya ulimi, yomwe sinayankhe funso lomwe tinatumidwa. Mnzanga wotapa mawu ankafuna kuti tiisiye choncho, ndipo ankati woonera wanzeru adzadzifunsa yekha mafunso. Ine ndinakana, chifukwa woonera wa ku Lilongwe akasowa yankho m'filimu amaikapo lomwe anabwera nalo.

Kulowa m'nkhani

Kufunsa mafunso kuli ndi mitundu yake, ndipo si yonse yomwe inatithandiza. Titakhazika mfumu pampando pansi pa mtengo, kamera ili pa miyendo yake itatu, tinalandira mawu a pamsonkhano: kuthokoza boma, kuthokoza mabungwe, ndi kupempha kuti thandizo lipitirire. Palibe chabodza chomwe ananena, koma mawu amenewo ndi a udindo, ndipo mfumu ili pamaso pa anthu ake singalankhule mwina. Amuna ambiri atakhala pampando womwewo ankatengera kalankhulidwe ka mfumuyo. Amayi ankayankha mwachidule, maso ali pansi, makamaka apongozi kapena amuna awo akakhala pafupi. Zinthu zinasintha titachotsa mpando n'kumacheza ndi munthu manja ake ali pa ntchito, akusenda mbatata kapena akusoka ukonde, mnzathu womasulira atakhala naye pamphasa ndipo mawu ake ofunsa akumveka m'filimu. Tinasankha dala kusachotsa mafunsowo polumikiza, kuti woonera amve chomwe chinafunsidwa ndi mmene chinafunsidwira. Yankho lopanda funso lake limaoneka ngati munthu wangodzuka n'kuyamba kudandaula.

Chomwe chinatembenuza ntchito yonse, komabe, ndi kubweza zithunzi kwa eni ake filimu isanathe. Njira imeneyi si yatsopano. Jean Rouch, Mfalansa yemwe anajambula kwa zaka zambiri ku Niger, ankaonetsa anthu zomwe wawajambula n'kumva ndemanga zawo. Chitsanzo chomwe chimafanana kwambiri ndi nkhani yathu ndi cha pachilumba cha Fogo ku Newfoundland, m'dziko la Canada, komwe mu 1967 Colin Low wa ku National Film Board of Canada anajambula asodzi omwe midzi yawo inali pa chiopsezo chosamutsidwa. Timafilimu take tinkaonetsedwa kwa anthu a pachilumbapo, kenako kwa akuluakulu a boma, ndipo asodziwo anakhazikitsa kopaletivi yawo n'kukhalabe pachilumbacho. Sindikunena kuti Makhanga ndi chimodzimodzi ndi Fogo, popeza madzi a Ruo amapha ndithu ndipo filimu singawabweze. Chomwe tinatengako ndi kagwiritsidwe ntchito ka chithunzi ngati choyambitsa zokambirana pakati pa anthu eni ake.

Tinamangirira nsalu yoyera pakhoma la sukulu, n'kuonetsa madzulo pogwiritsa ntchito pulojekita ndi jenereta, kamera ina itayang'ana kwa oonera atavomereza. Tinaonetsa zithunzi za m'madimba, kenako kafilimu kaja ka wofotokoza. Zithunzi za m'madimba zinabweretsa kuseka ndi kutchulana mayina. Kafilimu ka wofotokoza kanabweretsa bata, ndipo katatha bambo wina wachikulire anaimirira n'kufunsa kuti munthu wolankhulayo ndi wa mudzi uti, ndipo anadya chiyani chaka chomwe mapira anapserera. Apa ndi pomwe nkhani yeniyeni inatuluka, ndipo sinatuluke poyankha ife koma potsutsana iwo okha.

Zomwe zinamveka usiku umenewo ndi izi. Malo omwe mabanja ambiri analandira kumtunda ndi omangapo nyumba, osati olimapo, ndipo minda yozungulira ili ndi eni ake, omwe amafuna lendi. Malo opanda mwini kuchigwa ndi osowa, popeza mbali yaikulu ili pansi pa minda ya nzimbe, nkhalango zotetezedwa monga Lengwe ndi Mwabvi, ndi msipu wa ng'ombe. Munthu akasiya dimba lake kwa nyengo ziwiri kapena zitatu osalima, ena amalilowa, ndipo kulilanditsa ndi mlandu wautali. Mfumu yosamukira m'dera la mfumu inzake imasanduka mlendo, ndipo manda a makolo amatsala kumunsi. Mabanja ambiri, tinamva, sanakane kusamuka konse: amagona kumtunda m'miyezi ya mvula, ana n'kumapita kusukulu komweko, ndipo akuluakulu amatsikira kumunsi m'chilimwe n'kumanga zisakasa zosalira ndalama zambiri, podziwa kuti madzi adzazitenga. Zomwe drone inaona ngati nyumba za anthu osamva zinali misasa ya nyengo ya ulimi.

Sikuti onse anagwirizana. Mnyamata wina yemwe anataya m'bale wake pa madzi a 2023 ananena kuti akuluakulu amachedwa kukwera kumtunda chifukwa choumirira mbuzi ndi nkhokwe, ndipo amaika ana pa ngozi. Bambo wachikulire uja anamuyankha kuti, "Mwana wanga, madzi saiwala khwawa, ife tikudziwa, koma njala nayonso siiwala mudzi." Amayi angapo anaikira kumbuyo mnyamatayo, ndipo mmodzi anati amuna amanena za chonde cha dimba koma wonyamula ana pamutu usiku madzi ali m'chifuwa ndi mkazi. Mkangano umenewu tinauika m'filimu wonse, osaupatsa wopambana. Ndikanangotenga mawu a bambo wachikulire uja, ndikanapanga filimu yokondera mbali ina monga mmene wofotokoza anakondera mbali inayo, kusiyana kwake kukanakhala kwakuti tsopano bodzalo likutuluka m'kamwa mwa mwini mudzi.

Nyengo ya mvula ya 2023 mpaka 2024 inabwera ndi ng'amba ya El Niño, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Mphala za anthu omwe tinkawajambula zinapserera. Tinabwerera n'kupeza ena akulowa m'dambo kukazula nyika, chakudya cha nthawi ya njala chomwe munthu amachipeza m'madzi momwe muli ng'ona, ndipo maso a onse anali pa dimba. Sitinafunikire wofotokoza kuti anene kuti alimi aja ankanena zoona pa nkhani ya njala. Tinangoika chithunzi cha mphala youma pambuyo pa mawu a bambo uja. Ndiyenera kuvomereza, komabe, kuti kuika zithunzi motsatizana chotero nakonso ndi kulankhula, ndipo wolankhulayo ndine.

Usiku wa madzi, ndi nkhani ya kukongola

Palibe yemwe anajambula usiku womwe madzi analowa m'midzi, kupatula timavidiyo tamdima ta pa foni. Bungwe linapereka maganizo oti tichite sewero: anthu akwere mumtengo usiku, ana alire, ife tijambule. Kuchititsa anthu zinthu mobwereza pofuna kamera n'kwakale m'ntchito yathu. Robert Flaherty, yemwe filimu yake ya 1922 yonena za moyo wa anthu a mtundu wa Inuit imawerengedwa pakati pa zoyambirira, anakonzeratu zochitika zingapo. Pali mafilimu ena amakono omwe amagwiritsa ntchito sewero moona mtima, woonera akudziwa bwino kuti ndi sewero. Ine sinditsutsa njirayi payokha. Ndinaikana pano chifukwa osewerawo akanakhala anthu omwewo omwe anagonadi mumtengo, ena a iwo ali ndi maliro omwe mitembo yake sinapezeke, komanso chifukwa kachidutswa kotere kakangodulidwa n'kuyamba kuyenda pa WhatsApp palibe angadziwenso kuti kanali sewero. M'malo mwake tinapempha omwe anafuna kuti atiperekeze kumalo komwe anapulumukira masana, n'kufotokoza ali pomwepo. Mayi wina anaima pansi pa mtengo n'kuloza nthambi yomwe anamangirirapo mwana ndi chitenje, ndipo kamera inangokwera kutsata dzanja lake mpaka pa nthambiyo. Kutalika kwa nthambiyo kuchokera pansi kunanena kuchuluka kwa madzi.

Za kajambulidwe kodalira kukongola ndinena mwachidule. Elephant Marsh, yomwe mu 2017 inalowa m'ndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse wa pangano la Ramsar, ndi malo omwe kamera iliyonse imatulutsa chithunzi chokoma: migwalangwa, mbalame, mabwato dzuwa likutuluka. Tinali ndi gawo la mphindi zinayi la zithunzi zotere, valimba ikulira pansi pake, ndipo aliyense woliona ankaliyamikira. Tinalidula mpaka kutsala masekondi ochepa, chifukwa linkapumitsa woonera pa malo pomwe sitinkafuna kuti apume. Valimba tinaisunga pa malo amodzi okha, pomwe oimbawo akuoneka ndi maso akuimba pa mwambo wa m'mudzi, osati ngati chokometsera chochokera kosadziwika. Akuluakulu ena anatchula za Mbona ndi kachisi wa ku Khulubvi pokamba za mvula. Mawu awowo tinawasunga, koma sitinapite kukajambula kumaloko, popeza ali ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo nkhani yathu sinafune chithunzi chake.

Filimu yomwe inatuluka

Msana wa filimu yomaliza ndi usiku wa pasukulu uja. Imayamba ndi anthu akumangirira nsalu ndi kuyatsa jenereta, kotero kuti woonera amadziwa kuyambira pachiyambi kuti akuona anthu omwe akudziona okha ndipo akuyankha. Kuchokera pa mkanganowo filimu imapita kudimba, kumtunda ndi kumtengo uja, n'kumabwerera. Mawu a wofotokoza anatsala pa gawo la mapu lokha, ndipo anawerenga ndi mphunzitsi wa m'deralo yemwe ali m'komiti yoona za ngozi m'mudzi, nkhope yake ikuoneka asanayambe kulankhula. Ali ndi chilolezo chofotokoza za mitsinje, koma palibe chiganizo chake chomwe chimanena chifukwa chomwe munthu wina anachitira chinthu. Zithunzi za drone zinatsala ziwiri, ndipo chilichonse chimatsatiridwa ndi chithunzi cha pansi cha malo omwewo. Anthu amalankhula Chisena ndi Chimang'anja mmene amalankhulira. Filimu ya ku Lilongwe ili ndi mawu olembedwa m'munsi, pamene ya kumudzi ilibe, chifukwa eni ake sawafuna ndipo amangotchinga manja a mlimi.

Bungwe silinalandire filimuyi ndi mtima umodzi. Ena mwa akuluakulu ake anati ilibe uthenga womveka, ndipo anafunsa kuti kodi ikulimbikitsa kusamuka kapena ikutsutsa. Yankho langa linali lakuti anatituma kukafunsa chifukwa, ndipo chifukwacho chili m'filimu, chonenedwa ndi eni ake: malo ogona opanda malo olima sasunga banja kumtunda. Pa chionetsero cha ku Lilongwe mafunso ambiri anakhudza za minda ya lendi ndi za machenjezo a madzi kwa anthu omwe ali m'misasa ya kudimba, ndipo mafunso amenewa sanabukepo pomwe anthu ankaonera kafilimu ka wofotokoza. Sindingapitirire pamenepa n'kunena kuti filimuyi yasintha ndondomeko ina iliyonse.

Bungwe linapemphanso kachidutswa ka mphindi zitatu koika pa Facebook, ndipo apa njira zonse zomwe ndayamikira pamwambapa zinakanika. Mkangano sukwana m'mphindi zitatu, ndipo chithunzi chachitali cha mayi akufinya dothi chimadutsidwa ndi chala chisanafike pakati. Kachidutswako kanabwerera ku mawu otsogolera, ndipo chomwe ndinakwanitsa n'chakuti mawuwo akhale a mnyamata uja ndi a bambo wachikulire uja, motsatizana, osati a munthu wa mu situdiyo. Tinalembanso m'pangano kuti nkhope ya munthu aliyense wa m'filimuyi isagwiritsidwe ntchito pa zopempha ndalama popanda kubwerera kukamufunsa mwini wake, ndipo filimu yathunthu tinaisiya kumudzi pa timakadi ta m'foni, kwa anyakwawa ndi kusukulu.

Pali gulu limodzi lomwe filimuyi imalitchula kawirikawiri koma silimveka: eni minda a kumtunda omwe analandira osamukawo, omwe nawonso malo awo anachepa ndipo mijigo yawo tsopano imakhala ndi mzere wautali. M'filimu yathu amangotchulidwa kuti ndi ofuna lendi. Awiri mwa iwo anaonera pasukulu paja ali kumbuyo, ndipo atatha anauza mnzathu womasulira kuti ali ndi mbali yawo yoti anene, koma osati pamaso pa alendo awo. Ndapempha bungwe kuti gawo lachiwiri la ntchitoyi liyambire kwa iwowo, poyamba paokha, ndipo midzi iwiriyo idzaonere pamodzi pokhapokha mbali zonse zitaona kaye zomwe zinajambulidwa ndi kuvomereza.